Ntchito Yatha, Ndabwerera ku Ruarwe: Ndiyambire Pati?

Woulutsa: Kalata yoyamba yachokera ku Ruarwe. Bambo wina akuti: "Ndakhala ndikuphika pa loji ina ku Kande zaka 7. Abwana achepetsa antchito, ndiye ndabwerera kumudzi. Anzanga akuti ndigule injini ya boti ndi chilimira. Ndiwamvere?"

Mlangizi: Pepani bambo, kutha kwa ntchito kumawawa. Koma tisanafike pa injini, kodi zanu zonse munalandira? Lamulo la ntchito la 2000, lomwe linakonzedwanso mu 2010, limati wochotsedwa pochepetsa antchito alandire malipiro a sabata ziwiri pa chaka chilichonse m'zaka 5 zoyambirira, kenako a sabata zitatu pa chaka mpaka chaka cha 10. Inuyo zikukwanirani sabata 16, ndipo penshoni ndi yapadera. Ngati zinaperewera, tengani kalata yokuchotsani ntchito mupite ku ofesi ya leba pa boma la Nkhata Bay. Mpamba wanu woyamba ndi umenewo.

Za injiniyo, ine ndikuti dikirani. Chilimira chimafuna alovi, nyali ndi petulo, ndipo petulo wofika ku Ruarwe amakwera mtengo pa njira, poti kulibe msewu wa galimoto. Zipangizo nazo zinakwera kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwera ukayamba m'miyezi yozizira, masiku amatha boti lili pamchenga. Mwezi ukawala, usipa subwera pa nyali. Nthawi yonseyo ana adzadya chiyani?

Luso lanu lili pa moto, bambo. Munthu wophikira alendo zaka 7 amadziwa kukanda ufa. Mangani uvuni wa njerwa, yambani ndi thumba limodzi la fulawa, muziphika masikono ndi buledi. Alovi pobwera kunyanja m'mawa amakhala ndi njala komanso ndalama m'manja. Pali ana a sukulu, aphunzitsi, ndi anthu odikira sitima ya Ilala. Buledi akakhala kuti watsala, mudziwa mawa lake lomwe ndipo muchepetsa, osataya zambiri.

Woulutsa: Mayi wina wa komweko akuti amuna awo abwerako ku Johannesburg chimanjamanja. Mayiwo akufuna kukongola ndalama kuti azigula usipa n'kumakagulitsa ku Mzuzu.

Mlangizi: Geni imeneyo ndi yabwino, mayi, chifukwa usipa wouma umapirira ulendo. Chomwe chimagwetsa ambiri ndi tsiku lobweza ngongole. Ilala imadutsa kamodzi pa sabata kupita kumpoto, kamodzi kubwerera, ndipo nthawi zina imaima kuti ikonzedwe. Msewu wochoka ku Usisya kukwera ku Mzuzu umavuta m'dzinja. Wakatapila samva zimenezo, amangowerenga masiku. Yambirani ku banki mkhonde, kumene anzanu akudziwa kuti sitima sinabwere. Musanagule ndowa yoyamba, lembani mtengo wake, wa thumba m'sitima, wa minibasi kuchoka ku Nkhata Bay, chiphaso cha pamsika ndi pogona. Mukaphatikiza, mudzaona chifukwa chake amayi anayi amasonkhanitsa katundu n'kutuma mmodzi. Usipawo yanikani pa thandala, osati pamchenga. Ogula m'tauni amayamba alawa, akamva mchenga amatsitsa mtengo.

Ndipo chonde bambowo musawasiye kunja kwa geniyi. Munthu amene ankatumiza ndalama kumudzi, lero n'kumapempha ya sopo, mtima umamuwawa kwambiri. Aziyang'anira zogula padoko, inu muzisunga buku.

Woulutsa: Mwachidule, mnyamata wina akufunsa za kutchaja mafoni ndi sola.

Mlangizi: Ayambe wawerenga anzake amene akutchaja kale m'mudzimo. Ngati alipo angapo, aonjezere mashini ometera pa batire lomwelo, ndipo aziika padera ndalama yogulira batire lina, chifukwa ndi limene limayamba kufa.