Ubongo wa Munthu Wovutika Maganizo

Wodwala akatiuza kuti "ndikuganiza kwambiri," ambirife timangomuuza kuti alimbe mtima. Komatu munthu amene ali ndi matenda aakulu ovutika maganizo amatha masabata awiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa, osasangalala ndi chilichonse, tulo osabwera, chakudya osamukomera. Kodi mu ubongo mwake mumachitika zotani?

Tiyambe ndi makina a fMRI. Makinawa saona maganizo ayi. Amayeza kusintha kwa okosijeni m'magazi, chifukwa mbali ya ubongo imene ikugwira ntchito imalandira magazi ambiri. Njirayi anaitulukira ndi Seiji Ogawa mu 1990. Mu 1995, Bharat Biswal anapeza kuti ngakhale munthu atangogona m'makinamo osachita kanthu, ntchito ya mbali zina zotalikirana imakwera ndi kutsika nthawi imodzi. Zikatero timati mbalizo ndi zolumikizana, ngakhale kuti mitsempha yeniyeniyo sitikuiona.

Mu 2001, Marcus Raichle anafotokoza gulu la mbali za ubongo zimene zimatanganidwa munthu akakhala phee, akukumbukira zakale kapena kudziganizira yekha. Gululi limatchedwa default mode network. Mu 2007, Michael Greicius ndi anzake ku Stanford anapeza kuti mwa odwala matendawa, kachigawo kena ka mkati chakutsogolo kwa ubongo, kodziwika kuti Area 25, kamalumikizana ndi gululi mopitirira muyeso. Amene anadwala nthawi yaitali ndi amene kulumikizanako kunali kwamphamvu. Akatswiri ambiri amaona kuti mwina kuganiza kwambiri kuja kumachokera apa: maganizo amangozungulira pa zolakwa zakale ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo.

Koma tisafulumire. Mu 2005, Helen Mayberg ndi madokotala a ku Toronto anaika tinthambo tamagetsi pafupi ndi Area 25 mwa odwala 6 amene mankhwala sankawathandiza, ndipo anayi anapeza bwino. Atayesa pa anthu ambiri, amene anawayatsira magetsi sanasiyane kwenikweni ndi amene sanawayatsire. Ndiponso zimene tafotokozazi zimaoneka poyerekezera magulu a anthu. Chithunzi cha munthu mmodzi sichingatiuze kuti akudwala.

N'chifukwa chake kuchipatala matendawa timawazindikirabe pocheza ndi wodwala, nthawi zambiri mothandizidwa ndi mafunso 9 a PHQ-9. Funso lomaliza limafunsa ngati munthuyo amaganiza zoti bola kufa kapena zodzivulaza, ndipo ophunzira ambiri timachita nalo manyazi. Tisamalidumphe.