Mlimi wa Dimba M'nyengo ya Chisanu

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, minda ya kumtunda imatsala ndi mapesi okhaokha, ndipo mvula yodzalira siibweranso kufikira mwezi wa Novembala. Pakati pamenepo pali nyengo ya chisanu, makamaka miyezi ya Juni ndi Julaye. Anthu ena amayesa kuti iyi ndiyo nthawi yoti mlimi aleke kuyang'ana kumwamba. Koma munthu amene ali ndi dimba sangathe kutero, pakuti ndiwo za banja lake zili kudambo, ndipo usiku umodzi wokha ungathe kuziwononga zonse.

M'miyezi imeneyi mphepo imachokera kumwera chakum'mawa. Kunyanja amaitcha mwera, ndipo asodzi amaiopa chifukwa imautsa mafunde aakulu. Ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre mphepo yomweyo imadza ndi nkhungu ndi mvula yowaza imene amaitcha chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone m'dziko la Mozambique. Masiku a chiperoni ana amafika kusukulu akunjenjemera, komatu kuzizira kumeneko sikupsereza mbewu. Choipa chake nchakuti masamba akakhala onyowa masiku angapo, matimati ndi mbatata ya kachewere zimagwidwa ndi chiwawu.

Usiku woopsa ndi umene umaoneka wokoma, ndipo anthu a kumapiri, monga ku Dedza ndi Ntcheu, amaudziwa bwino. Boma la Dedza lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere. Tsiku lina madzulo mlimi wina wa kumeneko anaima pabwalo, nayang'ana kumwamba, naitana mwana wake kuti asenze udzu apite nawo kudimba.

Mnyamatayo anadabwa, nati, "Atate, lero kulibe mtambo ndi umodzi womwe, ndi mphepo yaleka. Tikuopa chiyani?"

Atate wake anati, "Mwana wanga, mitambo ndiyo chofunda cha nthaka. Lero nthaka igona yosafunda."

Mawu amenewa ndi oona. Usana nthaka imalandira kutentha kwa dzuwa, ndipo usiku imakutaya. Kukakhala mitambo, kutentha kwina kumabwerera pansi; koma kumwamba kukayera, nyenyezi zonse zikuoneka, kumangopitirira. Tsono mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wofunda, motero umatsika m'mapiri pang'onopang'ono monga amachitira madzi, nukadikha pansi penipeni pa dambo, pomwe pali madimba. Kukadakhala mphepo ikadausakaniza ndi mpweya wofunda wa pamwamba, koma usiku wa bata palibe choutakasa. Pofika m'bandakucha mame amauma, udzu nuyera ngati wawazidwa ufa. Madzi a m'kati mwa masamba nawonso amauma, naphwanya timinofu ta tsamba. Dzuwa likakwera masambawo amafota, nada bii ngati apsa ndi moto, ndipo sadzukanso.

Madzi amauma pa madigiri 0. Koma sukulu imene ili ndi choyezera kutentha isanyengedwe nacho: chingathe kusonyeza 3 kapena 4 pakhonde, pamene kudambo chisanu chagwa kale.

Mlimi uja ndi mwana wake anazika timitengo m'mbali mwa mbande za matimati ndi nyemba, nayala udzu pamwamba pake ngati kadenga, kuti usatsamire masamba. Usana anali atathirira bwino, pakuti dothi lonyowa limasunga kutentha kuposa louma. Kabichi, mpiru ndi anyezi sanaziphimbe, chifukwa zimenezi zimapirira. Nchifukwa chakenso mlimi wodziwa amazidzala pansi pafupi ndi mtsinje, ndipo nyemba, matimati ndi maungu amazikweza kumtunda kwa dimba, ngakhale kuti madzi othirira atalikira. M'mawa dzuwa litafunda anachotsa udzu uja kuti mbande zione kuwala. Masamba a nthochi za m'munsi mwa dimba anali atapsa, koma mbande zinali zamoyo.

Palinso chitsime, chimene chiyenera kuyang'anidwa m'nyengo yomweyi. Mlimi amaimika nsungwi m'madzi, nalemba chizindikiro sabata ndi sabata. Akaona kuti madzi akutsika msanga mu Julaye, amadziwa kuti sadzafika Okutobala, ndipo amachepetsa malo odzala, kapena kukumba chitsime china nthawi ikadalipo.

Chimanga cha m'dimba sichikula bwino m'dothi lozizira, ndipo chikamera chisanu chimachipha. Motero mlimi wa kumapiri amasunga mbewu yake kufikira mwezi wa Ogasiti. Akaona kuti mamawa angapo otsatizana udzu wa kudambo uli ndi mame okha, ndipo zala sizikuumanso pogwira khasu, pamenepo amadzala.