Njinga ya Sipuling'i Pakati

Mnyamata wina wa ku Dedza atagulitsa mbatata yake ya kachewere, anakwera basi ya ku Lilongwe kukagula njinga. Amalume ake anamutsazika ndi mawu amodzi: "Ukagule yoti izinyamula thumba." Koma atafika, mtima unathawira pa njinga ya m'mapiri yonyezimira, ya mashoko kutsogolo, sipuling'i pakati, magiya ambirimbiri, mtengo wake wotsika.

Mavuto anayambira pa kaliyala. Gudumu lakumbuyo la njinga yotere limakwera ndi kutsika palokha, choncho kaliyala wamba analibe pogwira polimba. Pa chitunda, akapalasa mwamphamvu, sipuling'i inkangonyinyirika n'kudya mphamvu zake. Dzinja litafika, matope analowa m'malumikizidwe a felemu, gudumu n'kuyamba kugwedera. Tsiku lina akutsetsereka, thumba atalimangirira pa felemu, anakagwera m'ngalande.

Wokonza njinga pa msika anaiyang'ana n'kupukusa mutu. "Achimwene, njinga izi zinayambira ku California m'ma 1970, kwa anyamata okonda kutsetsereka m'mapiri. Sanazipangire katundu. Ndipo zilipo zamitundumitundu. Yopanda mashoko imakugwedezani pa miyala, koma ndi yopepuka ndipo siivuta kukonza. Ya mashoko kutsogolo kokha, amati hardtail, imakwera chitunda bwino, imalola kaliyala, kungoti msana umamva mabampu. Ya mashoko konsekonse imagwira nthaka pa njira yoipa, koma yeniyeni ndi yodula ndipo imafuna chisamaliro pafupipafupi. Palinso ya downhill, ya mashoko otsika pafupifupi masentimita 20, yolemera moti eni ake amaikweza paphiri ndi galimoto. Yanuyi yangotengera maonekedwe: sipuling'i ilipo, koma chothetsa kudumphadumpha mulibe. Zitsulo zake ine sindingazipeze."

Mnyamata uja anaigulitsa motaya, mbatata ya chaka chimenecho n'kuibwerekera njinga ya amalume omwewo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Inu amene mukusunga ndalama ya njinga, musanakambirane mtengo dzifunseni njira imene mudzayendemo tsiku ndi tsiku ndi katundu amene mudzasenze. Kenako pitani kwa wokonza njinga wa kwanu, mumufunse ngati mabuleki, tcheni ndi mashoko a mtunduwo amawadziwa. Ngati ndalama ndi yochepa, hardtail yolimba, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, idzakutumikirani kuposa ya sipuling'i pakati yotchipa.