Kusamukira ku tawuni yaing'ono: yezani musanamange katundu

Phunziro la mwezi uno tawalembera mabanja amene akhala zaka zambiri mu mzinda waukulu ndipo tsopano akulingalira zosamukira ku tawuni yaing'ono monga Salima. Ena atopa ndi lendi yokwera chaka ndi chaka, ena apuma pa ntchito, pomwe ena akungofuna malo oti amangepo nyumba yawoyawo. Nkhaniyi ndi yofunika kuilingalira mofatsa, pakuti wosamuka amanyamula ana a sukulu, mpamba wa bizinesi, mwinanso ndalama za penshoni zimene adazikhetsera thukuta moyo wake wonse. Akalakwitsa, kubwerera kumavuta, poti nyumba imene adasiya imakhala italowa ena ndipo makasitomala ake atazolowera kwina.

Matawuni aang'ono m'dziko lathu

Dziko la Malawi lili ndi mizinda inayi: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno munali anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 aliwonse, 16 okha ndiwo ankakhala m'matawuni. Mzinda wa Lilongwe pawokha unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, pamene tawuni ya Salima inali isanafike pa 40,000.

Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, adaika kukula kwa matawuni ngati imodzi mwa nsanamira zitatu za chitukuko, pamodzi ndi ulimi wa malonda ndi mafakitale. Potsatira masomphenyawa, boma lidasankha madera asanu ndi atatu oti atukulidwe kukhala mizinda ing'onoing'ono, ndipo ena mwa iwo ndi Salima pamodzi ndi Chipoka, Karonga, Kasungu, Liwonde ndi Luchenza. Cholinga chake nchakuti anthu asamangothamangira ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Komabe mapulani a dziko amatenga zaka kuti aoneke ndi maso, pamene banja limafuna nsima tsiku ndi tsiku. Choncho wosamuka ayeze tawuni monga iliri lero, osati monga idzakhalire mu 2063.

Zokoma zake

Choyamba ndi nyumba. Kawirikawiri lendi ya pa boma imakhala yotsika poyerekeza ndi ya nyumba yofanana nayo ku Area 25 kapena ku Kawale, ndipo puloti imapezeka pa mtengo umene munthu wamba angaufikire.

Chachiwiri ndi mayendedwe. Mu mzinda waukulu anthu ambiri amakwera minibasi ziwiri kuti akafike ku ntchito, ndipo mafuta akasowa amachezera pa siteji. Pa tawuni yaing'ono msika, banki, chipatala ndi maofesi a khonsolo zimakhala moyandikana, kotero munthu amayenda wapansi, kupalasa njinga kapena kukwera kabaza.

Chachitatu ndi chakudya. Ku Salima mpunga, usipa, mango ndi chimanga zimagulidwa pafupi ndi kumene zachokera, zisanadutse m'manja mwa mavenda ambiri. Banja lakhama limathanso kubwereka munda nkulima chakudya chake.

Chachinayi ndi mwayi wa malonda. Kumene kuli makaniko m'modzi wodziwa injini za maboti, kapena telala m'modzi wosoka bwino yunifolomu, mmisiri waluso sachedwa kutchuka. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Salima ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M14, ilinso pa msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja, ndipo malo ogona alendo a ku Senga Bay amafuna ndiwo zamasamba, nkhuku, mazira ndi amisiri osiyanasiyana.

Zowawa zake

Walira mvula walira matope. Tawuni yaing'ono ili ndi mavuto ake amene munthu wongocheza masiku awiri sawaona.

Ntchito zolembedwa ndi zochepa. Olemba anthu ntchito ambiri pa boma ndi nthambi za boma, mabungwe, mabanki angapo ndi malo ogona alendo. Munthu akachotsedwa ntchito mu mzinda, amagogoda pa khomo lina. Pa boma makomo ogogodapo amatha msanga.

Ndalama zimayenda ndi nyengo. Kuyambira Epulo mpaka cha mu Ogasiti, alimi akagulitsa mbewu, malonda amayenda bwino. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, anthu amasunga kalikonse kuti agulire chimanga, ndipo wogulitsa mipando kapena zovala amangokhala tsiku lonse kudikira wogula. Kuonjezera apo, kumene aliyense amadziwana ngongole imavuta kukana. Amene mumapemphera naye, amene mudakumba naye manda, akakupemphani kuti adzalipira kumapeto kwa mwezi, pakamwa pamalemera. Magolosale ambiri adatsekedwa ndi buku la ngongole.

Za umoyo nazo nzofunika kuziganizira. Chipatala cha boma chimathandiza matenda ambiri, koma odwala ofunika madokotala a ukatswiri wapadera, monga otsukidwa impso, amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Banja limene lili ndi wodwala wotere liwerengeretu maulendo amenewa. Komanso Salima ili kunsi, m'chigwa cha nyanja, pamene Lilongwe ili pa mtunda; mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kwambiri, ndipo udzudzu ndi wochuluka. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ayenera kugona m'masikito usiku uliwonse.

Pa nkhani ya maphunziro, sukulu zoti kholo lisankhepo ndi zowerengeka, ndipo mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite amakakhala kutali, kumene makolo ayenera kumulipirira malo ogona ndi chakudya.

Funso lalikulu: kodi ndalama zanu zidzasamuka nanu?

Anthu ambiri amayamba ndi kufunsa mtengo wa nyumba, chikhalirecho funso loyamba liyenera kukhala la kumene ndalama zidzachokere. Tiyerekeze ndi kalipentala amene pa K100 iliyonse yomwe amapeza mu mzinda, K30 imapita ku lendi, K15 ku minibasi, K40 ku chakudya ndi sukulu, ndipo K15 amasunga. Atasamukira pa boma, lendi yatsika kufika pa K15, mayendedwe pa K5, chakudya ndi sukulu pa K35. Zonse pamodzi zakwana K55 m'malo mwa K85. Ngati apitiriza kupeza K100, wapindula kwambiri, pakuti tsopano akusunga K45. Koma ngati makasitomala achepa ndi theka, ndiye kuti akupeza K50 pomwe zofunika ndi K55. Wayamba kudya mpamba mwezi ndi mwezi, ngakhale akukhala m'nyumba yotchipa.

Pa chifukwa ichi, osamuka tingawaike m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la amene ndalama zawo siziyang'ana kumene akukhala: opuma pa ntchito olandira penshoni, aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira ntchito m'boma amene asamutsidwa, komanso ogwira ntchito zawo pa intaneti. Kwa iwowa tawuni yaing'ono imapepukitsa moyo. Gulu lachiwiri ndi la amalonda ndi amisiri, amene ayenera kuyamba afufuza ngati luso kapena katundu wawo ali ndi msika chaka chonse. Gulu lachitatu ndi la amene akuthawa mavuto a mu mzinda popanda chochita chodziwika kumene akupitako. Amenewa ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu, chifukwa ulova susintha ndi kusintha kwa malo.

Chenjezo pa nkhani ya malo

Milandu yambiri imene imafika kwa mafumu ndi ku khonsolo ndi ya malo. Pali anthu amene adalipira puloti imodzi ali awiri, ena adagula munda wa banja kwa m'bale m'modzi enawo osadziwa, ndipo ena adamanga m'malo osiyidwira msewu. Malamulo a za malo adasinthidwa mu 2016 ndipo adakonzedwanso mu 2022, choncho zimene mudamva kale mwina sizikugwiranso ntchito. Musanapereke ndalama, pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo kuti mukadziwe mtundu wa malowo, mwini wake weniweni, ndi ntchito imene adaikidwira pa mapulani a tawuni. Musanayambe kumanga, pulani ya nyumba ivomerezedwe. Safunsa adadya phula.

Kaoneninso puloti m'nyengo ya dzinja. Malo ambiri a m'chigwa amaoneka ouma bwino mu Seputembala, koma mu Febuluwale amasanduka dambo. Funsani anthu okhala pafupi kumene madzi amafika mvula ikachuluka, ndipo onani ngati mapaipi a Central Region Water Board ndi mapolo a ESCOM ali pafupi, pakuti kukoka madzi ndi magetsi kuchokera kutali kumadya ndalama zambiri.

Njira zoyenera kutsata

Yambani ndi kukhala pansi banja lonse, mayi, bambo ndi ana osinkhuka, nkulemba pa pepala ndalama zolowa ndi zotuluka za kumene muli, kenako za kumene mukupita. Musaiwale maulendo a ku chipatala, a ku maliro ndi okaoda katundu.

Kachezeni ku tawuniyo kawiri, m'nyengo yokolola ndi m'nyengo ya njala, ndipo mukacheze ndi anthu ochita ntchito yofanana ndi yanu.

Chaka choyamba chitani lendi, musathamangire kumanga kapena kugulitsa nyumba ya mu mzinda. Ngati nkotheka m'modzi atsogole, ena atsatire zinthu zikaoneka mutu wake. Sungani ndalama zokwanira miyezi ingapo, ndipo samukani pa tchuthi chachikulu kuti ana asasokonekere maphunziro.

Mukafika, kadzionetseni kwa amfumu kapena kwa mkulu wa dera lanu, tengani chiphaso cha bizinesi ku khonsolo, ndipo muzipezeka pa maliro ndi pa ntchito za chitukuko. Pa tawuni yaing'ono mbiri ya munthu imayenda msanga, ndipo ndiyo imamubweretsera makasitomala kapena kumuthamangitsira.

Khonsolo imalandira ndi manja awiri aliyense wobwera ndi luso, mpamba ndi mtima wotukula dera. Chimene sitifuna kuona ndi banja logulitsa malata ndi mipando patatha chaka chimodzi kuti lipeze ndalama yobwererera.

Mafunso okambirana m'makomiti a VDC ndi ADC

1. Kodi ndi ntchito ziti kapena malonda ati amene akusowa m'dera lathu, oti wobwera atha kuyamba nkupindula nawo chaka chonse?

2. Kodi mlendo wofuna malo timamulangiza bwanji kuti asagwe m'manja mwa akamberembere?

3. Ndi malo ati m'dera lathu amene amasefukira madzi, ndipo tachitapo chiyani kuti anthu asamangepo?

4. Pa mavuto amene tatchula m'phunziroli, ndi ati amene tingawaike m'mapulani athu a chitukuko kuti khonsolo iwaganizire?