Uthenga Umene Mwana Wawo Sanalembe

Azakhali anga akhala akuthyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo kwa zaka zoposa 20. Nyengo ya mvula, masamba akamaphukira usiku ndi usana, amalawira kusanache, dengu kumsana, nabwerera kumalayini zala zitachita dzanzi. Ndalama yawo amaidziwa ndi kulemera kwa dengu pasikelo, ndipo saitaya mwachisawawa. Koma tsiku lina Lachisanu anataya K150,000 pasanathe ola limodzi, chitseko cha nyumba yawo chili chitsekere.

Mwana wawo wamwamuna ali ku Johannesburg, monga anyamata ambiri a ku Thyolo ndi ku Mulanje. Tsiku limenelo mlongo wake, amene ali ndi foni ya intaneti, analandira uthenga pa WhatsApp. Nambala inali ya mchimwene wake, chithunzi chake chomwe. Uthengawo unati watumiza katundu, mabulangete ndi sola, koma galimoto yaima pachipata cha Mwanza ndipo pakufunika ndalama ya msonkho lero lomwe. Pansi pake panali nambala ya dalaivala.

Mtsikanayo anathamangira kumunda. "Amayi, achimwene atumiza katundu, koma akuti mukachedwa alandidwa."

Azakhali anaimbira dalaivala uja. Anali munthu waulemu, wowatchula kuti "mayi anga", wodziwa ngakhale dzina la mwana wawo. Azakhali anachotsa zonse zimene anasunga mufoni, zotsalazo nakakongola kubanki mkhonde, ndi kukatumiza kwa ejenti. Pofika madzulo nambala ya dalaivala inali itazima.

Choonadi chinadziwika Lamlungu, mnyamatayo ataimba pa foni ya mnzake. Masiku awiri m'mbuyomo wina anamuimbira, namuuza kuti akumulowetsa m'gulu la Amalawi ofuna ntchito, ndipo angowerenga manambala 6 amene alowe mufoni mwake. Iye anawerenga. Manambala amenewo ndi amene WhatsApp imatumiza munthu akafuna kutsegula akaunti yake pa foni ina. Atangowatchula, akaunti inasamukira m'manja mwa mbava, pamodzi ndi magulu onse amene analimo, kuphatikizapo la pabanja. M'menemo mbavayo inapeza nambala ya mlongo wake.

Chimandiwawa n'chakuti anthu ena pamalayini anawaseka azakhali, akuti anapusitsidwa chifukwa sanapite patali ndi sukulu. Ine ndimakana. Pa 21 February 2024, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa kompyuta alowerera makina osindikizira mapasipoti ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo akufuna dipo. Ananenetsa kuti boma silipereka. Kwa masabata angapo mapasipoti sanasindikizidwe, ndipo achinyamata amene anali atapeza mwayi wa ntchito kunja anangokhala manja ali m'khosi. Ngati makina a boma, okhala ndi akatswiri owayang'anira, anagwidwa chotero, mayi wothyola tiyi timusekerenji?

Umbava umenewu ndi wa mtundu umodzi, umangosiyana kukula. Mu May 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'maiko oposa 100, ndipo zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala. Maboma a America ndi Britain anadzaloza chala North Korea. Uko amalimbana maiko. Kuno kwathu wakubayo safuna zida zambiri: simu khadi, mayunitsi ndi lilime lozuna. Apolisi akhala akunena kuti ena mwa mafoni oterewa amaimbidwa ndi akaidi ali m'ndende ya Zomba. Akubawa amadziwanso nthawi yoimbira. Amadikira masiku a malipiro, pamene foni ya wantchito ili ndi kanthu, ndipo nthawi zonse amakufulumizitsa kuti usapeze mpata wofunsa mnzako.

Lamulo lilipo, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo kuyambira 2018 simu khadi iliyonse imayenera kulembetsedwa. Koma mbava zimalembetsa ndi ziphaso za eni ake, zotola kapena zobwereka. Azakhali anakadandaula kupolisi, koma ndalama inali itatapidwa kale tsiku lomwelo. Ngongole ya kubanki mkhonde anaibweza miyezi 4, ndi chiwongoladzanja chake, m'nyengo yozizira pamene tiyi amachepa ndipo dengu limachedwa kudzaza.

Inu amene mukuwerenga, mwina ndinu amene muli ndi foni yaikulu pabanja panu, amene makolo amakudalirani kuti muwawerengere mauthenga. Uthenga wopempha ndalama ukafika, ngakhale uli ndi nkhope ya m'bale wanu, muimbireni mumve mawu ake, ndipo mumufunse chinthu chimene mlendo sangachidziwe. Manambala obwera pa foni yanu ndi pini yanu ya Mpamba kapena Airtel Money musauze munthu, angakhale atadzitcha wa kukampani. Pa WhatsApp tsegulani two-step verification, muikepo pini yanuyanu. Ndipo Lamlungu likudzali, mukakhala pakhonde ndi amayi anu, afotokozereni nkhani ya azakhali angayi malipiro a mwezi uno asanalowe.