KHUTU LOTULUKA MAFINYA

Munthu woyenda pa mseu wa Katima Mulilo, m'mbali mwa mudzi wa Garden mu Lusaka, amamva nyundo za amisiri osula mageti ndi mafelemu a zitseko kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka. Si onse adziwa kuti m'khutu la munthu ali yense mulinso nyundo ndi cosulirapo cace, zazing'ono ndithu, ndi kuti nthenda imene makolo aiyesa yacabe ikhoza kuziononga mwana asanayambe sukulu.

Khutu liri ndi zipinda zitatu. Cakunja ndico cioneka ndi maso, pamodzi ndi mpita umene utha pa kacikopa kopyapyala konga ka ng'oma. Mau akafika, kacikopako kanjenjemera. Kuseri kwace kuli cipinda capakati, codzala ndi mpweya, ndipo m'menemo muli timafupa titatu tolumikizana: kanyundo, kacosulirapo, ndi kena konga copondapo munthu wokwera pa kavalo. Kacitatuka ndiko kocepa koposa mafupa onse a m'thupi, pakuti kutalika kwace ndi mamilimita 3 okha. Timafupati tipereka kunjenjemerako ku cipinda cam'kati, copotana ngati cigoba ca nkhono, codzala ndi madzi. M'madzimo muli tinthu taubweya toposa 15,000, timene titumiza uthenga ku bongo. Alfonso Corti wa ku Italy analongosola malo amenewa mu 1851, ndipo Georg von Békésy analandira mphotho ya Nobel mu 1961 cifukwa anaonetsa kuti mau ang'ono amveka pakhomo pa cigobaco, ndi mau akuru kunsonga kwace. Taubweyato tikafa sitimeranso. Cifukwa cace mmisiri wosula zaka zambiri wosatseka makutu agontha pang'onopang'ono, ndipo palibe mankhwala omubwezera.

Koma nthenda ya ana ilowera pena. Pali kanjira kocokera m'cipinda capakati kunka kuseri kwa mphuno, kamene Bartolomeo Eustachi anakalongosola m'zaka za m'ma 1500. Mwa munthu wamkuru kanjirako nkotsetsereka. Mwa mwana nkakafupi ndi kogona, kotero kuti akadwala cimfine kapena cikuku tizirombo tikwera mosabvuta. Mafinya adzala m'cipindamo, thupi litentha, mwana alira usiku wonse nagwira khutu. Tsono mafinya akacuruka aboola kacikopa kaja natuluka, ndipo pomwepo kupweteka kuleka. Apa ndipo amai ambiri anyengedwa. Aona mwana wagona tulo, nati wacira. Koma ng'oma yabooka. Kawirikawiri bowolo litsekeka lokha m'masabata owerengeka. Mafinya akapitirira masiku 14, nthenda yakhazikika: bowo likhala lotseguka, timafupa tija tidyeka, ndipo mwana amva mau monga munthu ali kuseri kwa khoma. M'kalasi lodzala ana, mphunzitsi amuyesa wopusa kapena wamwano, pamene iye sanamve konse.

Ofufuza anayesa kukula kwa bvutoli ku Malawi. M'boma la Chikwawa anaona makutu a ana 281 a zaka 4 mpaka 6, ndipo mu 2017 analengeza kuti ana asanu pa 100 ali onse anali ndi khutu lotuluka mafinya kosalekeza, ndi kuti pafupifupi mwana mmodzi pa anai sanali kumva bwino. Bungwe la World Health Organization liyesa kuti ciwerengero ca makutu otere cikapitirira anai pa 100, ndilo bvuto lalikuru lofuna cangu. Mmodzi wa ofufuzawo anali Wakisa Mulwafu, dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero wa ku Blantyre. Iye ndi anzace anaonanso cinthu comvetsa cisoni ku Thyolo: mwa ana 150 amene anauzidwa kunka ku cipatala ca Queen Elizabeth, asanu okha ndiwo anafika. Enawo analephera cifukwa ca kutalika kwa ulendo, kusowa ndalama ya galimoto, mantha, ndi kusamvetsa cimene anaitanidwira.

Mwana wa ku Garden alibe mtunda wotere. Cipatala ca University Teaching Hospital ciri mu mzinda womwewo, ndi ca Beit CURE, cimene cinatsegulidwa mu 2006 pa Great North Road, nacinso ciona makutu a ana. Zomutsutsa nzina: banja lonse kugona m'cipinda cimodzi, kumene cimfine ca mmodzi cigwira onse, utsi wa mbaula yoyakira m'nyumba m'miyezi ya June ndi July, madzi oima a m'dzinja amene ana asewera m'menemo. Kuyamwitsa mwana kumchinjiriza, ndiponso katemera wa cikuku, ndi katemera wa cibayo amene Zambia anayamba kupatsa makanda mu 2013.

Mai woona mafinya m'khutu la mwana wace apite naye ku kiliniki osazengereza. Kunyumba atenge kansaru koyera kofewa, akapote ngati cingwe ca nyali, akalowetse pang'ono kuti kamwe mafinya, nasinthe kufikira katuluka kouma. Acite cotero katatu pa tsiku, pakuti mankhwala odonthezera operekedwa ku cipatala sagwira nchito m'khutu lodzala. Posambitsa, madzi asalowemo. Mafuta ophikira, madzi a masamba, nthenga ya nkhuku ndi kamtengo ka macesi zisayandikire khutulo, ngakhale agogo atalangiza. Ng'oma ikabooka, cothiridwamo cifika pa timafupa penipeni. Mafinya akauma koma bowo osatsekeka, madokotala akhoza kulisoka ndi kanyama kotengedwa pafupi ndi khutu lomwelo, ndipo mwana wosamva bwino ayesedwa ndi makina napatsidwa kothandiza kumva.

Pali zizindikiro zosayenera kudikira kuca. Kuseri kwa khutu kukatupa ndi kupweteka, kapena mwana akamva mutu kwambiri, kusanza, kuuma khosi kapena kuodzera kosadzuka, mafinya alowa m'pfupa kapena ayandikira bongo, umene ulekana ndi cipinda capakati ndi kapfupa kopyapyala cabe. Mwana wotere anyamulidwe usiku womwewo.