Phunziro la za Umoyo: M'mene Khansa Isamukira m'Thupi

Ambiri a ife tinaonapo zotere: munthu adwala chotupa, apita kuchipatala, madokotala achichotsa, iye nabwerera kwawo ali wokondwa, koma patapita chaka chimodzi kapena zaka zitatu nthenda ija ibukanso, tsono osati pamalo akale, koma m'chiwindi, m'mapapu kapena m'mafupa. Pamenepo achibale ayamba kunong'onezana. Ena ati dokotala sanachotse zonse, ena ati mpeni ndiwo unaputa nthendayo, ndipo ena ayamba kuloza chala mnansi wawo. M'phunziro la lero tiona chimene chichitika kwenikweni, potsata ntchito ya akatswiri awiri a ku New York, m'dziko la America, Joan Massagué ndi Karuna Ganesh.

1. Thupi ndi maselo ake

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Selo lililonse lili ndi malo ake ndi ntchito yake: la m'matumbo liyamwa chakudya, la pakhungu liphimba thupi, la m'mitsempha litumiza uthenga. Khansa iyamba pamene maselo ena aonongeka m'kati mwawo, naleka kusunga malire, nachulukana kosalekeza mpaka asanduka chotupa. Chotupacho chikali pamalo amodzi, kawirikawiri dokotala akhoza kuchichotsa, munthu nachira. Koma ambiri amene afa ndi khansa saphedwa ndi chotupa choyambacho ayi. Aphedwa ndi zotupa zina zobadwa kwa icho m'ziwalo zakutali. Kusamuka kumeneku madokotala akutcha metastasis.

2. Mbewu ndi nthaka

Kuti timvetse ntchito ya akatswiri athu awiriwa, tiyambe ndi amene anawatsogolera. M'chaka cha 1889 dokotala wa ku London, Stephen Paget, anawerenga zolembedwa za amayi 735 amene anafa ndi khansa ya m'mawere, napeza kuti nthendayo siigwera paliponse, koma ikonda ziwalo zina, monga chiwindi, kuposa zinzake. Iye anafanizira selo la khansa ndi mbewu, ndi chiwalo cholilandira anachifanizira ndi nthaka: mbewu zimwazika ponseponse, koma zimera pokhapo pamene nthaka iziyanja.

M'chaka cha 1970 Isaiah Fidler, ku America, anabaya mbewa ndi maselo a khansa m'mitsempha ya magazi, nawatsata. Anaona kuti pafupifupi onse anafa msanga, ndipo opulumuka anali ngati limodzi pa 1,000, kapena kuchepera pamenepo. Tsono funso linakula: selo limodzi lopulumukalo lili ndi chiyani chimene anzake alibe?

3. Dongo losaotcha

Joan Massagué, wobadwira ku Barcelona m'dziko la Spain m'chaka cha 1953, anayamba ntchito pachipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering mu 1989, ndipo anatha zaka zambiri akufunafuna yankho la funso limeneli. Mu 2014 iye ndi anzake anapeza kuti maselo a khansa ofika muubongo avala pamwamba pawo puloteni yotchedwa L1CAM, imene iwathandiza kukakamira ndi kuyanga pa timitsempha ta magazi, monga nyemba ziyanga paphesi la chimanga. Selo lolephera kugwira chotere silikhalitsa.

Nanga luso limeneli alitenga kuti? Yankho analipeza Karuna Ganesh, dokotala wochiza khansa ya m'matumbo, amene anali kugwira ntchito pamodzi ndi Massagué. Mu 2020 anaonetsa kuti maselo a thumbo lalikulu, ali bwinobwino, sakhala ndi L1CAM. Koma thumbolo likavulala, maselo a m'mphepete mwa chilonda, atalekana ndi anzawo, ayamba kuipanga, kuti athe kutseka chilondacho ndi kumanganso pogumuka. Anaonanso kuti chotupa chikhoza kuyamba popanda L1CAM, koma pa kusamuka ndi pa kupirira mankhwala chiifuna ndithu. Ndiko kunena kuti selo la khansa silipeka nzeru yatsopano: liba njira imene thupi lipoletsera zilonda zake. Izi zinagwirizana ndi zimene Harold Dvorak anaphunzitsa mu 1986, pofanizira chotupa ndi chilonda chosapola.

Taganizani za mayi woumba mbiya. Mbiya yootcha yauma, siingasandukenso mphika kapena nkhate. Koma dongo lofewa litha kusanduka chilichonse. Selo lokhwima lili ngati mbiya yootcha. Pakakhala chilonda, thupi lilola maselo ena kubwerera ku ufewa wa dongo kwa kanthawi, ndipo chilonda chikapola aumanso pamalo pawo. Selo la khansa lofuna kusamuka lilowa mu ufewa umenewo, koma osatulukamo. Kusinthasintha kotereku akatswiri akutcha plasticity.

4. Selo loiwala kwawo

Mu 2024 Ganesh, pamodzi ndi Dana Pe'er, katswiri wosanthula zamoyo ndi kompyuta, anafalitsa zotsatira za ntchito ina. Anatenga minofu kwa odwala 31 a khansa ya thumbo lalikulu amene anachitidwa opaleshoni: ya pathumbo labwino, ya pachotupa choyamba, ndi ya pachotupa chosamukira kwina, makamaka m'chiwindi. Chiwindi ndicho chilandira khansa imeneyi kawirikawiri, pakuti magazi ochokera m'matumbo ayamba apita kumeneko. Anayesa maselowo limodzilimodzi, kuti aone majini amene anali kugwira ntchito m'selo lililonse.

Anapeza kuti maselo a chotupa choyamba akali kufanana ndi a m'matumbo. Koma ambiri mwa osamukawo anali atataya mbiri ya kwawo: poyamba anabwerera ku mkhalidwe wonga wa maselo a mwana wosabadwa, ndipo pochokera pamenepo ena anasanduka onga a pakhungu, ena onga a m'mitsempha. Kusandulika kumeneku kunali kwakukulu mwa odwala amene anali atalandira kale mankhwala a khansa, ndipo kunayenderana ndi kufupika kwa moyo. Anapezanso puloteni ina, PROX1, imene ntchito yake ndiyo kutsekereza selo kuti lisapatukire ku mikhalidwe yachilendoyo. Apa tiona chifukwa chimodzi chimene khansa yosamuka ivutira kuchiza: mankhwala alondola mdani wa nkhope imodzi, pamene iye wavala kale nkhope ina.

5. Mbewu yogona

Chatsala ndi funso tinayamba nalo lija: bwanji nthenda ibukanso patapita zaka? Mu 2016 gulu la Massagué linaonetsa mu mbewa kuti maselo ena a khansa ya m'mawere ndi ya m'mapapu, atafika kuchiwalo chatsopano, aleka kuchulukana, nakhala chete ngati ogona. Ali chigonere chotero, asilikali a chitetezo cha thupi sawazindikira msanga; koma odzuka ndi kuyamba kuchulukana aphedwa ambiri. Tsiku lina ochepa apulumuka, chotupa nichimera, monga mbewu ya udzu ikhala m'nthaka chilimwe chonse kudikira mvula.

6. Zoti tisunge

Choyamba: khansa ikabukanso, kawirikawiri maselo ake anali atachoka kale opaleshoni isanachitike, ali ochepa kotero kuti makina sakanawaona. Si ufiti, ndipo tisadanitse mabanja pa chifukwa chimenechi. Wokana opaleshoni poopa mpeni asiya m'thupi mwake gwero lomwaza mbewuzo.

Chachiwiri: mankhwala amene dokotala alamula chotupa chitachotsedwa alinga pa maselo obisalawo. Wodwala asawasiye panjira poona kuti wapeza bwino, ndipo asaphonye masiku okaonedwanso.

Chachitatu: nthawi ndiyo chuma cha wodwala. Kabulu m'bere, magazi m'chimbudzi, kutaya magazi kwa amayi kosayenderana ndi nthawi yake, kuvutika pomeza, chilonda chosapola, kuonda kosadziwika chifukwa: zonsezi zipite kuchipatala msanga, zisanayambe n'kupweteka komwe. Amayi akapimitse khomo la chiberekero ngakhale asakumva kanthu.

Chachinayi: zimene akatswiriwa anapeza zilozera njira ya mankhwala a m'tsogolo, koma si mankhwala ogulidwa pamsika. Chenjerani ndi ogulitsa mabotolo olonjeza kuchiza khansa iliyonse. Adya ndalama za wodwala pamodzi ndi miyezi yake yofunika.

Mafunso okambirana

1. Kodi chiopsa koposa n'chiyani, chotupa choyamba kapena kusamuka kwake? Chifukwa ninji?
2. L1CAM igwira ntchito yanji m'thumbo lovulala, ndipo khansa iigwiritsa ntchito bwanji?
3. Mungamuyankhe chiyani munthu wonena kuti m'bale wake analodzedwa, pakuti nthenda inabukanso?
4. Kodi kwanuko n'chiyani chichedwetsa anthu kupita kuchipatala, ndipo mungathandizane bwanji?